Chingwe cha TV

Pamzere wolipira magetsi ku positi ofesi ya ku Vehari, ku Pakistan, Shagufta ankadzikupiza ndi bilu yake uku akumwetulira yekha. Mayi wachikulire amene anali kumbuyo kwake analephera kuugwira mtima.

"Mwana wanga, bilu ya magetsi n'kumaisekerera?"

"Taonani, mayi. Mayuniti 198! Miyezi sikisi tsopano osadutsa 200. Mwezi wamawa andiika pa mtengo wotsika."

"Ndi kutenthaku? Mwatha bwanji?"

"Mita ndimaiwerenga m'mawa ndisanateleke tiyi. Ikathamanga, furiji ndimazimitsa, ayironi n'kubisa."

"Nanga bambo akunyumba? Anga masewera a kiriketi akayamba, TV sizima."

"Anganso anali otero, chaka chathunthu pa ulova, maso pa TV. Ndinazula chingwe n'kuwauza kuti, 'Kiriketiyo kaonereni kometa!'"

"Sanakalipe?"

"Anakalipa, koma ankapita tsiku ndi tsiku. Wometayo atatopa nawo anati, 'Musamangokhala, gwirani lumo ili.' Ndalama ndikulipirazi n'za ndevu za anthu, mayi."

Mayi uja anamuyandikira n'kunong'ona.

"Chingwe chimenecho, chimazuka ndi manja kapena mpaka pulayala?"