A Victorino Afuna Chitunda

M'mawa wina pa mphambano ya kwa Kabango, mayi Inácia anakhala pambali pa njinga yawo yosenza thumba la mbatatesi, akusisita bondo lotupa, kwinaku akuganiza mmene akafikire pamwamba pa chitunda pomwe pamaima kamiyao, galimoto lalikulu la ogula mbatatesi. Kenaka anatulukira a Victorino, bambo wogwira ntchito ku banku ku Tete, ali pa kanjinga kowonda ngati udzudzu, atavala kabudula wothina ndi chisoti chamabowomabowo.

"Bondiya, amayi. Ndifunseko njira."

"Funsani, abambo. Mukupita kwa yani?"

"Sindikupita kwa munthu. Ndikufuna msewu wa phula wozungulira, woti ndikachoka pano ndibwererenso pompano."

A Inácia anayang'ana pansi, pomwe bamboyo anaponda.

"Ndiye mwafika."

"Ayi, ndizungulire kaye."

"Mwataya kanthu?"

"Sindinataye kanthu."

"Akukuthamangitsani?"

"Palibe akundithamangitsa. Ingondiuzani njira, amayi."

A Inácia analoza ndi mlomo kumanzere.

"Tsatani iyi. Imadzera m'dambo, yosalala ngati mphasa. Mukatulukira ku Ulongwe thukuta lisanabwere."

"Imeneyo ayi. Ndikufuna ya zitunda."

"Ilibe chitunda imeneyo."

"N'chifukwa chake sindikuifuna."

"Ee, ilibe. Musaope."

"Sindikuopa! Chitundacho ndikuchifuna."

"Iii, mwachedwa. Minda ya m'chitunda yonse ili ndi eni ake."

"Sindikugula, amayi. Kukwera!"

"Pamwamba pali ndani?"

"Palibe."

"Alipo. Pali a Arcanjo a kamiyao, ndi mayi wina wa zitumbuwa. Mwa awiriwa mukufuna uti?"

A Victorino anavula magalasi akuda, nawapukuta, nawavalanso.

"Tamverani. Ine ndili pa trenu, kulimbitsa thupi pokonzekera korida, mpikisano wa njinga. Chaka chatha ndinafika womaliza. Mkazi wanga mpaka lero amafotokozera alendo, asanawapatse ndi madzi omwe. Chaka chino sizichitikanso."

"Womaliza kufika kuti?"

"Pomwe tinayambira."

"Nonse munabwerera pomwe munayambira?"

"Tonse."

"Mukanangowadikira pomwepo."

"Sizimatero!"

"Oo."

A Inácia anasendera pafupi. Kenaka anatsitsa mawu.

"Ndi apadiri akutumani, eti? Musachite manyazi, tonse ndife ochimwa. Koma inu ndiye munachita chachikulu. Anzanu amangowauza kuti akapemphere kolona."

"Palibe wandilanga. Ndikufuna ndekha kuti miyendo ipweteke. Ikapweteka ndiye kuti ikulimba."

A Inácia anayang'ana bondo lawo.

"Ndiye langali lalimba zedi."

"Zimenezo ndi zina."

"Likupweteka ndithu. Gwirani muone."

"Ndakhulupirira, amayi."

A Inácia anadzuka motsimphina, nanyamula njinga ya bamboyo ndi dzanja limodzi. Anaiyang'ana kutsogolo, naiyang'ana kumbuyo.

"Pepani. Anakuberani kuti?"

"Chiyani?"

"Zinazo. Potengera katundu palibe. Belu palibe. Chishalo akusiyirani theka."

"Anaipanga choncho dala, kuti ipepuke. Chitunda umakwera osamva n'komwe."

"Mwati mukufuna kuvutika?"

"Eya."

"Ndiye mwabwera ndi njinga yosavutitsa."

A Victorino anayang'ana kanjinga kawo.

"Yovutitsa ndi iyi," anatero a Inácia akumenya chishalo cha njinga yawo. Fumbi linabuka. "Imeneyi ngakhale poyenda pabwino imakhala ngati ikukwera."

"Imeneyo si ya korida."

"Zoona. Si yanu. Musaiyese n'komwe."

"Sindinanene kuti sindingathe."

"Ine ndanena. Chitunda ichi, thumba lili kumbuyo, amakwera ndi anthu a kuno. Mpongozi wanga Emilia amakwera osatsika, koma iyeyo n'zosadabwitsa, amakhala atabereka mwana. Mwanayo amamuimbira."

"Atabereka mwana?"

"Wonenepa bwino."

A Victorino anayang'ana chitunda chija. Msewu unkakhota pakati pa minda ya nyemba, n'kubisala kuseri kwa mabulugama, n'kukaonekeranso m'mwamba uli kakang'ono ngati ulusi. Anamangitsa chingwe cha chisoti.

"Ndipatseni njingayo."

"Ayi."

"Ndipatseni, amayi."

"Mukakomoka panjira ndikauza ndani? Mwanena nokha kuti mulibe munthu kuno."

"Sindikomoka. Ine ndimatchova njinga Loweruka lililonse."

"Masiku enawo imakhala itafa?"

"Amayi, njinga!"

"Chabwino, poti mwakakamira. Koma mundimvetse. Thumbali mukapereke kwa a Arcanjo, munene kuti ndi la Inácia wa bondo. Akanyamuka musanafike, mbatatesi imeneyi ibwerera kunyumba kukamera, ndipo ine sindinailimire zimenezo."

"Ifika."

"Giya musamufune, kulibe. Chopondera cha kumanja chimazungulira chikafuna. Pobwera, taravau woimitsira njinga ndi phazi lanu."

"Phazi?"

"Mumaliika pa tayala la kutsogolo. Ikaima, yaima."

"Ikapanda kuima?"

"Kumunsi kuno kuli dambo. N'lofewa."

A Victorino anakwera. Njinga inapita kumanzere, thumba linapita kumanja, iwo anatsala pakati. Anayesanso, ndipo ulendo uno zonse zinagwirizana. A Inácia anaika dzanja pachipumi n'kumaonerera. Mpaka pa minda ya nyemba bamboyo ankapalasa atakhala. Pa mabulugama anaimirira. Atatulukira kuseri kwake anali akukankha, chisoti chili m'manja. Patsogolo pang'ono anakhala pansi n'kuyamba kuyankhula ndi thumba. Mayi wina wosenza nkhuni anawapitirira, nawapatsa moni, iwo anangokweza chala. Kenaka anadzuka.

A Inácia anamasula mfundo ya chitenje, natulutsa telefoni.

Dzuwa litakwera ndithu, a Victorino anabwerera wapansi, akukoka njinga yopanda thumba. Nsapato yakumanja inali itadyeka kunsi, ikununkha mphira wopsa, ndipo kabudula anali ndi matope mbali imodzi. Pa mphambano panali patasintha. Amayi angapo anakhala pa mzere m'mbali mwa msewu, aliyense ndi thumba lake. Wina anali ndi dengu la kabichi. Bambo wina wachikulire anagwira mbuzi pa chingwe. Onse anawomba m'manja mwaulemu.

"Mwapereka?" anafunsa a Inácia.

"Ndapereka." Mawu ankatuluka pang'onopang'ono. "Ndapeza kamiyao ataliza kale injini."

"Mwachita bwino. Dambo mwaliona?"

"Ndaliona."

"N'lofewa?"

"N'lofewa."

"Miyendo?"

"Ikupweteka."

"Tithokoze Mulungu," anatero a Inácia, natembenukira kwa anzawo. "Akuti ikupweteka."

Amayi aja anawombanso m'manja.

A Victorino anatsamira mtengo, namwa madzi onse a m'botolo, nalisuzumira ngati muli ena.

"Amayi, shapa, kaminibasi kopita ku Ulongwe, imaima pati?"

"Shapa ya chiyani?"

"Yokwera. Ine ndi njinga yanga."

"Aa, musatiyese, abambo. Poyamba paja sindinakumvetseni, ndipo mundikhululukire, ndinkakuuzani zopusa. Mutapita ndakhala pansi n'kuganiza bwinobwino. Munthu wachoka ku Tete konse kudzafuna mavuto, ife mavuto tili nawo, ndiye timumane? Ndaitana anzangawa."

"Trenu yatha, amayi."

"Ili la a Rosária ndi lolemerapo, muli ndi dothi lomwe, sanasankhe. Ndati muyambe limeneli mukadali ndi mphamvu."

"Ndati yatha!"

"Mbuziyi ikhale yomaliza. Imapalapata, ndiye mudzamva bwino kwambiri."

"Amayi, tamverani. Mwina kamiyao wapita kale. Ee, wapita. Ndinamusiya akunyamuka."

"Sanapite. A Arcanjo aimba pompano."

A Victorino anatsetsereka ndi mtengo uja mpaka anakhala pansi.

"Akuti chiyani?"

"Atamva kuti matumba achuluka, amati atsike ndi kamiyao adzatengere pompano," anatero a Inácia akumanga thumba la a Rosária pa njinga. Anakoka mphira, naupanikiza ndi bondo labwino lija. "Ndawakaniza. Ndati angakuonongereni trenu."