Mapepala Akuda Amene Ndinatentha

Olemekezeka a mkulu wa sukulu yaukachenjede ino, olemekezeka a mkulu wa nthambi yophunzitsa za nyenyezi, amene mwanditumizira galimoto mpaka pakhomo, aphunzitsi nonse, amisiri amene mwamanga chipinda chino, ana anga ophunzira, anzanga osesa ndi alonda amene mwaima kukhomo uko poopa mipando yofewa, amayi ndi abambo, ndakulonjerani nonse.

Ine ndine uja munkamutchula kuti a Tsache. Ndili ndi zaka makumi asanu ndi atatu kudza ziwiri, ndipo makumi anayi mwa zimenezo ndinazithera m'makonde ano, ndowa kudzanja lino, chokolopera kudzanja linali. Kusukulu sindinapondeko, kupatula kudzaikolopa. Sekani ndithu, n'zoona. Mwati mlendo wolemekezeka akhale amene anakhalitsa pano kuposa onse, ndipo ndathokoza; koma mukamva zimene ndabwera nazo, mwina ulemuwo mundilanda.

Chipinda chino mwamangira ofufuza za magulu a nyenyezi zakalekale, aja ounjikana ngati mpira, gulu limodzi nyenyezi zikwi mazanamazana. Zimenezi anandiphunzitsa ndi mtsikana wina amene ankafufuza pano kalelo, tinkamutcha Namadontho. Ankagwirira ntchito m'kachipinda ka pansi pa masitepe, kopanda zenera, tebulo lake lopapatiza ngati thabwa lositirapo. Ndikalowa ndi tsache ankandiuza kuti ndikhale kaye pa ndowa, n'kuyamba kundifotokozera. Ankati kuli kuwala kwina kopitirira mtundu wa pepo, kumene diso la munthu silikuona, ndipo mpweya wa dziko lino umakutchinga, n'chifukwa chake makina ojambulira amawatumiza kumwamba kwenikweni. Gululo mukalijambula ndi kuwala kumeneko, nyenyezi zambiri zimabisala. Zotsala ndi zotentha kwambiri, zambiri mwa izo nkhalamba zimene zavula zofunda, zili pafupi kuzima. Ankatinso m'gulu limodzi mumapezeka mibadwo iwiri kapena itatu, ngati pabanja.

"Mwaona bambo," ankatero, "nkhalamba nazonso zimawala, bola upeze diso lake."

Ine ndinkamuuza kuti ndiye andijambule ndi makinawo, mwina akazi anga n'kuona chimene sanachione zaka zonsezi. Ankaseka mpaka kugwira tebulo. Koma chithunzi chimene ndinkachidziwa chinali cha pakhoma chokha, cha mpira woyera mbee. Zinazo zinkakhala m'kabati, sindinaziwonepo.

Osesafe tili ndi lamulo lathu, anzanga kukhomoko akulidziwa: cha patebulo si chako, cha pansi n'chako. Lachisanu lina kunkabwera alendo, ndipo akapitawo anati chipinda chilichonse chiwale. Namadontho anali ataitanidwa mwadzidzidzi kwa mayi ake odwala. Nditatsegula kachipinda kake ndinapeza mapepala akuluakulu atayalidwa pansi ponse, akuda bii, timadontho toyera apa ndi apo. Makina osindikizira a masiku amenewo akadwala ankalavula mapepala otero, ndipo ndinali nditatayapo ambiri. Ndinawasonkhanitsa bwinobwino, ndinapita nawo kudzenje, ndinawayatsa ndi manja angawa.

Kuseri kwa mapepalawo kunali manambala a pensulo, odzadza mpaka m'mphepete. Ndinawaona moto utagwira kale. Zaka ziwiri mwanayo akuyeza kadontho kalikonse n'kumalemba pamenepo, ndipo anawayala pansi chifukwa patebulo paja sakanakwana.

Atabwerako Lolemba anandipeza pakhonde. Sanakalipe. Anangoti, "Bambo, mapepala anga akuda aja simunawaoneko?"

Ndinati, "Ayi mwananga, sindinawaone."

Ndinaopa kuchotsedwa ntchito, ana asanu akuyang'ana ine. Anandiyang'ana kanthawi, n'kunena kuti chabwino, zikomo. Zithunzizo anazisindikizanso, koma nthawi imene sukulu inamupatsa yomalizira kafukufuku wake inali itatsala miyezi itatu, ndipo ntchito ya zaka ziwiri siilola kuthamangitsidwa. Aphunzitsi ena ankanena m'makonde kuti ndi wosasamala, ena ankati mwina ntchitoyo sanaigwire n'komwe. Ine ndinkamva zonsezo ndikukolopa pamapazi pawo, pakamwa pali tsekee. Tsiku lochoka, maphunziro atamukanika, Namadontho anandisiyira kapu yake ya tiyi, nati ndizimukumbukira. Kapuyo ndikadali nayo, koma sindinamweremo.

Ndikuona mwasiya kuseka. Kutentha kuja kunali kulakwitsa kwa munthu wosadziwa, koma bodza lija ndinalisankha ndekha, ndili maso.

Mtsikana uja sanabwerenso. Ena amati amagulitsa m'sitolo, ena amati anakwatiwa kutali, ena amangopukusa mutu. Akazi anga anamwalira osaidziwa nkhaniyi. Ine ng'ala yagwira maso onse awiri, moti zithunzi zimene mwapachika muno, zimene alendo akuziyamikirazi, kwa ine zonse ndi zakuda ngati mapepala aja. Andiuza kuti muno muli matebulo aakulu oti pepala silidzayalidwanso pansi, ndi makompyuta osunga chilichonse kawiri. N'zabwino, ndipo amisiri mwagwira ntchito. Koma zafika mochedwa kwa munthu mmodzi, ndipo woyenera kuima pano lero sanali ine.

A mlembi a mwambo uno andilonjeza kuti mawu angawa awalemba monga ndawanenera, osawakometsera, n'kuwaika m'kabuku ka sukulu. Ndiye Namadontho mwananga, ngati uli moyo ndipo kabukuka kakupeza, imva pamaso pa anthu onsewa: sunali wosasamala, ndipo ntchito unaigwira. Ndinali ine. Ndilembere kalata kudzera ku ofesi ino, ngakhale mzere umodzi, ngakhale wonditukwana. Mwana wanga wamkazi adzandiwerengera. Koma usachedwe nayo, masiku anga ndi owerengeka.

Olemekezeka, ndigwireni dzanja mundilondolere pa riboni yoti ndidule, sindikuiona. Ndi mphamvu imene mwandibwereka lero, ndikulengeza kuti chipinda chino chatsegulidwa.

Zikomo kwambiri.