Mbiri ya Bambo Dominiko Chadzunda, Wojambula Pansi pa Nyanja

Malemu achimwene athu, bambo Dominiko Chadzunda, anabadwa pa 9 Ogasiti 1967 m'mudzi uno wa Kanyemba, kuno ku Bowe, m'boma la Dowa. Anali achitatu mwa ana asanu ndi mmodzi a bambo Andreya Chadzunda ndi mayi Margareta Nabanda, alimi a chimanga ndi fodya, omwe onse anatsogola kale. Amene ndikuwerenga mbiriyi ndine Innocent, mng'ono wawo, ndipo ndikuyankhula m'malo mwa banja lonse.

Sukulu anayamba mu 1974 konkuno ku Bowe. Mu 1982 anapita kusekondale, koma analekezera Fomu 2 chifukwa bambo athu anadwala, munda unalibe wolima.

Mu 1986 analembedwa ntchito m'sitolo ya bambo Aziz Sabiti ku Madisi. Kuseri kwa sitoloyo kunali kachipinda kojambuliramo zithunzi za ziphaso. A Sabiti ataona kuti malemuwa sachoka pakhomo pa kachipindako, anawaphunzitsa kugwira kamera ndi kutsuka zithunzi, kenako anawapatsa njinga. Kuyambira pamenepo anazungulira mapiri onse a Dowa ndi Ntchisi, kujambula maukwati, maubatizo ndi mipira. Ambiri mwakhala panonu muli ndi chithunzi chopachika kukhoma chomwe anajambula ndi iwowa. Mukukumbukiranso momwe ankakuimikirani padzuwa mpaka mwana wolira atatonthola, chifukwa sankafuna kuti munthu atenge chithunzi choipa n'kukhala nacho moyo wake wonse.

Pa 17 Ogasiti 1991 anamanga banja ndi mayi Roza Kamwendo a ku Ntchisi, m'tchalitchi cha Katolika cha Madisi.

Mu 1997 anthu ena ofufuza za nsomba anaima pa Madisi kamera yawo itawonongeka. Malemuwa anaikonza tsiku lomwelo, ndipo anthuwo anawapempha kuti apite nawo kunyanja azikawasamalira zipangizo. Apa ndinene zoona: a Dominiko anali ndi zaka makumi atatu koma kusambira sankakudziwa, ndipo mtsinje wa Bua ukadzadza ankazungulira ulendo wautali kusaka mlatho. Anamwa madzi ambiri miyezi itatu yoyamba, osagwa ulesi. Pofika 1999 anali ndi chiphaso cholowera pansi pa madzi, ndipo mu 2002 anaitanidwa ku chilumba cha Mafia, m'nyanja ya mchere ku Tanzania, kuti aziperekeza alendo ndi ofufuza pansi pa nyanja akuwajambulira zam'menemo. Mayi athu anadandaula. Ankafunsa kuti munthu wa kumapiri akukafuna chiyani pansi pa madzi, pomwe nsombazo sazigwira n'komwe. Chaka chotsatira malemuwa anawabweretsera chithunzi cha kamba wa m'nyanja wamkulu ngati tebulo, ndipo mayi anachiika m'buku lawo la mapemphero mpaka tsiku lomwe anatisiya.

Ntchitoyi sinali yamasewera. Ankabereka botolo la mpweya kumsana, kupumira mu kapaipi kolumidwa m'kamwa, kamera ili m'bokosi losalowa madzi, n'kutsika mamita makumi awiri, pena makumi atatu. Kumeneko ankajambula nsomba zachikasu zoyenda chigulu ngati mpheta m'munda wa mapira, miyala yamoyo yomera ngati bowa ndi mitengo, ndi tizilombo tina tosaposa chikhadabo. Anzawo akuchitira umboni kuti sanakhudzepo kapena kuthamangitsa chamoyo chilichonse kuti apeze chithunzi. Ankangokhala duu pamchenga, kudikira kuti mwini malo abwere yekha. Zithunzi zawo zinatuluka m'mabuku ndi m'makalendala. Zina, zoonetsa malo omwe anaphwasulidwa ndi asodzi ophulitsa mabomba m'madzi, anakazionetsa kwa akuluakulu a midzi ya asodzi, ndipo zinathandiza kuti eni ake aletse mchitidwewo m'dera lawo.

Koma panali nyama imodzi yomwe ankailakalaka. Kumeneko amaitcha nguva. Ndi yofatsa ngati ng'ombe, imadya udzu wa pansi pa nyanja ndipo imayamwitsa mwana wake. Yatsala pang'ono kutha, moti asodzi ambiri okalamba sanaionepo. Malemuwa anaisaka zaka zisanu ndi zitatu.

Pa 14 Novembala 2010 anatsika pansi ndi mayi Ashura Yunus, wofufuza wa ku Tanzania. Ali pa mamita khumi ndi asanu, nguva inatulukira patsogolo pawo, mwana wake ali pambali. Malemuwa anakweza kamera. Asanadine, anacheuka kuona mnzawo monga mwa lamulo la ntchitoyo, ndipo anapeza mayi Ashura akuphupha, chopumira chawo chitasiya kutulutsa mpweya. Mwamantha, mayiwa anayamba kuthamangira pamwamba, zomwe zikanawaphulitsa mapapo. A Dominiko anataya kamera, anawagwira lamba, anawalumitsa kapaipi kachiwiri ka botolo lawo, n'kukwera nawo pang'onopang'ono, akuwayang'ana m'maso mpaka kufika pa boti. Kamera inakatoledwa m'mawa mwake. Nguva sanadzaionenso mpaka kupuma ntchito. Mayi Ashura ali pakati pathu pano, ayenda masiku awiri pa basi kudzaperekeza mnzawo.

Nkhaniyi ife abale tinaimva patapita zaka, kuchokera kwa anthu ena. Nditawafunsa ngati sizinkawapweteka mtima, anandiyankha kuti: "Nguva ndinaiona ndi maso angawa, Innocent. Chomwe chinasowa ndi pepala chabe."

Mu 2016 anapuma ntchito n'kubwerera kuno kumudzi, komwe mayi Roza analera ana ndi kusunga munda zaka zonse zomwe bambo ankangobwera kawiri pachaka. Anayambanso kulima, nakhala wapampando wa mphakati wawo kutchalitchi. Chilimwe chilichonse ankamanga zithunzi panjinga yamoto n'kuyendera sukulu za m'Dowa ndi Ntchisi, osalipiritsa, kuti ana a kumtunda kuno aone zomwe Mulungu anabisa pansi pa madzi.

Mu Juni 2023 anayamba kudandaula za kubanika ndi kutupa miyendo. Ku chipatala cha Madisi anapezeka ndi vuto la mtima, ndipo anatumizidwa ku Lilongwe komwe anathandizidwa n'kupezako bwino. Mu Febuluwale chaka chino matenda anakulanso, anagonekedwanso ku Madisi ndi kuikidwa pa mpweya. Anamwino akutiuza kuti sanavute. Malemuwa ankawaseketsa ponena kuti kupumira m'botolo ndi ntchito yomwe anaigwira zaka zambiri. Bambo wina wa pa bedi loyandikana ndi lawo ankachita mantha n'kumazula chopumira chake. Malemuwa anamugwira dzanja, namuphunzitsa kukoka mpweya pang'onopang'ono monga ankaphunzitsira alendo awo. Bamboyo anachira, anatuluka. A Dominiko anatisiya Lolemba, pa 3 Malichi 2025, atalandira masakramenti, ali ndi zaka 57.

Asiya mayi Roza, ana anayi, omwe ndi Loyce, Rodrick, Modesta ndi Diana, zidzukulu zisanu, ndi ife abale awo atatu.

Banja likuthokoza madokotala ndi anamwino omwe anawasamalira, abambo mfumu ndi akhristu a mphakati, banja la a Sabiti lomwe latithandiza galimoto yonyamula thupi, adzukulu omwe akonza nyumba yawo yomaliza, amayi omwe mwagona pano masiku awiri, mafumu athu, ndi inu nonse mwasiya minda yanu nthawi ino kudzatipepesa.

Achimwene, munayenda kutali ndi kozama kuposa wina aliyense wa m'mudzi muno, koma mwabwera kudzagona pafupi ndi makolo anu. Ambuye akulandireni, ndipo mzimu wanu uuse mumtendere.