Dzungu la apongozi ndi sutikesi yolimba

Akuwailesi, ndiwerengereni nkhaniyi, koma dzina langa likhale kwa inu.

Ndimakhala mu Katete, ndipo ukwati wanga ukadali watsopano. Popita koyamba kukaona apongozi ku Vubwi, ndinagula sutikesi ya pulasitiki yolimba, ya matayala. Wogulitsa anachita kuikhalira kuti ndione kuti siphwanyika. Amuna anga anati nditenge chikwama chansalu, ine ndinati sindikupita kokaoda zovala za salaula.

Tsiku lobwerera, apongozi anandibweretsera dzungu lalikulu ngati mtsuko. Anati, “Mwana wanga, ili ndinasungira inu. Liikeni m'bokosi lanulo, mphatso sayenda nayo poyera.”

Za apongozi sakana. Koma sutikesi inakana kutseka. Chansalu chikanafutukuka, iyi ayi. Ndinatulutsa zovala zonse kuti dzungu likwane, zina ndinavala, zina ndinakulunga m'chiuno, n'kufunda chitenje pamwamba.

Ndinatsika minibasi pa Katete thukuta lili kamukamu, ndikuyenda chotangadza. Alamu anga, achemwali a amuna anga, amene anabwera kudzandichingamira, anandiyang'ana pamimba n'kutulutsa foni. Ndisanafike kunyumba, ku Vubwi anali atamva kale kuti ndili ndi pakati.

Sutikesiyo ili bwinobwino, sinakalike n'komwe. Koma apongozi aluka kale tizipewa tiwiri, akuti mimba yotere ndi ya mapasa, ndipo palibe amene walimba mtima kuwauza zoona.

Amayi anzanga, popita kumudzi tengani chikwama chansalu. Ine ndatsala ndi miyezi isanu yoti ndipeze chonena.