Mwamanga Chiyani, Aneba?

Matipate atangolowa kumene, pa Chisepo panabwera banja la Chisilamu kudzatsegula golosale, khomo kuyang'anizana ndi la mai Margareta. Tsono mai Margareta, munthu woti mbale yake sinabwererepo yodzaza chibadwire, anaphika dowe dzuwa lili paliwombo n'kukaodira, amayi a pamjigo maso ali tong'o.

"Odi, aneba! Landirani dowe, woyamba m'munda mwanga."

"Zikomo kwambiri, mai," anatero Asiyatu, mkazi wa mwini golosale, akuomba m'manja. "Koma tamanga."

Margareta anayang'ana khoma, nayang'ana denga. "Mwamanga pati? Nyumbayitu ndi ya a Solomoni, inu mukuchita lendi."

"Si nyumba. Tamanga mwezi."

"Mwezi? Wakumwambawu? Ndi chingwe chanji?"

"Chingwe palibe. Tamanga tonse, ndi amuna anga omwe, bambo a Ruksana."

"Mayo ine! Bambo a Ruksana awamanga?" Margareta anatsitsa mawu. "Ndani? Apayoniyatu anatha. Khadi lachipani safunsanso!"

"Palibe wawamanga. Amanga okha."

"Ali kuti?"

"M'golosale, akugulitsa mchere."

"Womangidwa kugulitsa mchere! Koma matipate, abale! Nanga atuluka liti?"

"Timamasula dzuwa likalowa."

Apa Margareta mtima unawawa zenizeni. Kuno kwathu mlendo akakubwezera mbale yodzaza, mawa lake mudzi wonse umati dzanja lako n'lamankhwala. Ndiye amayi a pamjigo anali atasiya kupopa.

"Nenani zoona, aneba. Akuuzani kuti ndimathira?"

"Mumathira chiyani? Mchere?"

"Taonani!" Anatola dowe, kukuta, kukuta, chitsononkho pansi phi! "Ndafa?"

"Simunafe."

"Ndiye idyani."

"Tamanga."

"Mwina mukuti wabwino ndi uja yekha!" Anatola wachiwiri. Wachitatu. "Kapena mukuganiza kuti ndaphikira mumphika wa nkhumba?"

"Mwaphikira mumphika wa nkhumba?"

"Iyayi!"

"Ndiye siyani, mai, tidya dzuwa likalowa. Mwezi uno ife sitidya, sitimwa, kuyambira mbandakucha. Timapemphera."

Margareta anasiya kutafuna. "Aa! Mukusala kudya? Osangonena bwanji?"

"Ndanena kasanu. Kwathu timati kumanga."

Onse awiri anayang'ana m'mbale. Munatsala dowe mmodzi, wolumidwa kale pakati. Asiyatu anamulandira ndi manja awiri, mokweza kuti a pamjigo aone, Margareta n'kubwerera kwawo mimba ili ndii, mbale ili gwa.

Lachisanu lake, nayo odi pakhomo pa Margareta. Asiyatu, atavala zatsopano, mbale pamutu: mpunga ndi nyama ya mbuzi, fungo lake mpaka kumjigo.

"Mwezi waoneka, mai, tamasula! Lero n'chikondwerero. Landirani!"

Margareta anavundukula, nameza malovu, navundikiranso. Munthuyu anali Mkatolika wa mpando wakutsogolo, phulusa anadzola dzana lomweli, ndipo Lachisanu la Lenti nyama sinkadutsa pakhosi pake.

"Ii, aneba… mwabwera tsiku lake."

"Bwanji? Akuuzani kuti ndimathira?" anafunsa Asiyatu, akupinda kale mkono wa diresi. "Nditole nthuli muone ngati ndingafe?"

"Musakhudze!" Margareta analanda mbale ija n'kuikumbatira. "Kulawa kumeneku ndikukudziwa, mungandimalizire! Iyi igona, mawa m'mawa ndithana nayo."

"Nanga lero?"

"Lero ndamanga ndine."