Mayi Orlanda Chimtengo, Amene Anatibweretsera Malo Ovotera

Mafumu athu, azibusa, olemekezeka amene mukupikisana pa mpando wa phungu wa dera lino, ndi nonse anamalira, ndaima m'malo mwa banja.

Malemu athu, Mayi Orlanda Chimtengo, anabadwa pa 9 June 1961 m'mudzi muno mwa Kalumphira, kwa Mfumu Yaikulu Nthache. Anali achitatu mwa ana asanu ndi mmodzi a Bambo Albino, ochokera ku Zobue ku Mozambiki, ndi Mayi Liness, mbadwa ya konkuno. Sukulu anaisiyira Sitandade 8 mu 1976, ngakhale kuti anali anzeru, chifukwa bambo awo atamwalira panalibe wothandiza kumunda.

Mu 1981 anamanga banja ndi Bambo Petro Chimtengo, ndipo Mulungu anawapatsa ana asanu. Nkhondo itakula kutsidya kwa malire mu 1987, anasunga mabanja awiri othawa nkhondo pakhomo pawo kwa zaka zinayi.

Achikulire mukukumbukira kuti pa chisankho cha 1994, malo ovotera anali kuseri kwa phiri, ulendo wa maola asanu wapansi. Okalamba ndi amayi apakati sankapita. Mavoti a kuno anali ochepa, choncho aphungu nawo sankaona chobwerera. Tinkangowamva pa wailesi.

Mu February 2002, mwana wawo woyamba, Amelia, anavutika pobereka. Abambo a m'mudzi muno anamunyamula pa machira kupita naye kuchipatala, koma anapeza mtsinje utadzaza. Amelia anatisiya pagombe pomwepo, mutu uli pamiyendo pa mayi ake. Atadutsa masiku a maliro, malemu anauza amuna awo kuti mwanayo sanaphedwe ndi madzi okha ayi, koma ndi kusawerengedwa kwa anthu a kuno.

Kuyambira pamenepo anayamba kulemba makalata opempha malo ovotera. Kuboma anapitako kakhumi ndi kamodzi, nthawi zina pa njinga, nthawi zambiri wapansi. Ena ankawaseka, amvekere mwana wa ku Mozambiki zisankho za kuno zikumukhudza bwanji. Iwo ankangoyankha kuti mchombo wawo unagwera pano, ndipo mwana wawo wagona pano. Atauzidwa kuti pakufunika nyumba yooneka, anasonkhanitsa amayi anzawo n'kuumba njerwa za chipinda cha sukulu chimene mukuchiona kumtundako.

Pa 19 May 2009 tinavota kwa nthawi yoyamba m'mudzi mwathu. Agogo ena anabwera atanyamulidwa pa wilibala. Malemu anakana kukhala kutsogolo kwa mzere. Anavota omalizira, ataona kuti wina aliyense walowa.

Zitatero, andale anaidziwa njira ya kuno. Tisabise, malemu sanali ophweka. Nsalu ya chipani chilichonse sanavalepo, ndipo wofuna uphungu akabwera ankamukhazika pa mphasa n'kumufunsa mpaka thukuta kutuluka. Ena ankati ndi amwano. Koma ndi mafunso omwewo amene anabala kachipatala kathu, kamene kanatsegulidwa mu 2016. Mwatsoka Bambo Petro sanakaone, chifukwa anatsogola mu 2012.

Mu 2023 malemu anayamba kudwala matenda othamanga magazi. Pa 2 August chaka chino cha 2025 anagwa akusenga chimanga, mbali imodzi n'kufa. Tinathamangira nawo kuchipatala kuboma, kumene madokotala ndi anamwino anayesetsa, koma pa 14 August masana anatisiya, ali ndi zaka 64. Chiphaso chawo chovotera tinachipeza m'Baibulo; anali akudikira chisankho cha mwezi wamawa.

Kutatsala masiku awiri kuti atisiye, mawu akutuluka movutikira, anauza mwana wawo Aubrey kuti: “Akabwera kumaliro, muwauze kuti mlatho sunamangidwe.”

Olemekezeka, uthengawo ndapereka. Magalimoto anu mwawasiya kutsidya, ndipo mwaona nokha kuti bokosi la mayi athu lawoloka pamapewa.

Malemu asiya ana anayi, Aubrey, Tiyese, Sonia ndi Helder, adzukulu khumi ndi awiri, komanso mchemwali wawo Mayi Fyness. Banja likuthokoza a mpingo, amayi a chigwirizano amene anawasamalira kuchipatala, adzukulu okumba manda, ndi abale amene mwawoloka malire kuchokera ku Zobue.

Mayi Orlanda, mwayenda mokwanira. Mzimu wanu uuse mumtendere.