Mbiri ya a Fredson Kamanga, amene ankaimbira pazenera

Loweruka pa 11 Meyi 1974, a Pearson Chunga ananamizira malemu a Fredson Kamanga pamaso pa akulu a mpingo wathu, kuti matenda awo anawatenga kwa mkazi wa m'bala. Mafumu, akulu a mpingo, apampando a chipani, ndi nonse amene mwabwera kudzatipepesa, tayamba ndi mawu amenewa chifukwa tikawasiya ndiye kuti tikuwerenga mbiri ya munthu wina. Pena titchula za m'thupi. Apongozi mutikhululukire, eni ake sankachita nazo manyazi.

Malemu anabadwa pa 3 Ogasiti 1938 m'mudzi muno mwa Chimphoyo, m'dera la Chulu. Tsikuli analemba ndi mphunzitsi wa mishoni kuchikuto cha buku la nyimbo, ndiye tingolikhulupirira poti palibe lina. Anali achinayi m'banja la ana asanu ndi mmodzi. Sukulu anayamba mu 1947 ndipo analekezera Sitandade 2, kenaka anapita kukaweta ng'ombe. Masamu ankawavuta, koma mawu awo akangoyamba nyimbo, mphunzitsi ankaika choko pansi n'kumamvetsera.

Mu 1961 anakwatira mayi Zelesi Mwale a ku Chisemphere. Anakumana pa ukwati wa anthu ena kumene malemu anapita kukaimba. Mayiwa amanena okha kuti nkhope anaiona pambuyo, choyamba kuwakopa chinali mawu awo a besi amene ankanjenjemeretsa benchi imene anakhalapo. Mu 1965 malemu analembedwa ntchito pa esiteti ya fodya yakufupi kuno. Chaka chilichonse, kuyambira Sepitembala mpaka mvula itagwa, ankathirira nazale. Ankalowa m'damu mpaka m'maondo, makeni awiri m'manja, tsiku lonse. Mu 1966 mpingo unawasankha kutsogolera kwaya.

Mu Okutobala 1973 anatumidwa kukatuta mitengo ya zigafa pamodzi ndi a Pearson, mnzawo amene anaweta naye ng'ombe ali ana, amenenso panthawiyo ankayendetsa ngolo ya pa esiteti. Malemu anaponda pa mtengo wa kutsogolo kwa ngolo, uja amamangirirapo goli, kuti akunge chingwe. A Pearson anakwapula ng'ombe osacheuka. Malemu anaterereka n'kugwera pa mtengowo, mwendo uku mwendo uku. Magazi anatuluka. Panalibe wina woona. A Pearson anagwada pomwepo, akulira kuti bwana anawachenjeza kale kawiri, akamva izi ntchito yatha, ana asanu akadya chiyani. Malemu anawadzutsa n'kuwauza kuti apukute misozi, nkhaniyi ithere pangolo pomwepo. Anagona kunyumba sabata yathunthu, anthu n'kumauzidwa kuti ndi malungo. Amene anadziwa zoona ndi mayi Zelesi okha.

Pofika Febuluwale 1974, madzi a m'thupi anayamba kutuluka modontha, ndipo mu Malichi anatsekeratu. Tinawanyamula pa machira mpaka kumsewu. Ku chipatala cha kuboma anawaboola m'munsi mwa mchombo n'kuikapo paipi yothira m'botolo, moyo wawo n'kupulumuka. Pobwerera anapeza mudzi utaweruza kale. Kuno aliyense ankadziwa kuti mwamuna akatsekeka mkodzo ndiye kuti ndi chinzonono, palibenso china. Akulu a mpingo anawaitana. Malemu anafotokoza za ngolo ija n'kuitana mboni yawo imodzi yokhayo. A Pearson anaimirira n'kunena kuti za ngolo sakuzidziwa, koma tsiku lina anawaona kuboma akutuluka kuseri kwa bala. Malemu anadulidwa pa mgonero ndi pa kwaya. Akulu anawauza kuti khomo silinatsekedwe: angovomera tchimo, alowe kalasi miyezi isanu ndi umodzi, abwerere pamalo pawo. Malemu anathokoza mwaulemu n'kuyankha kuti machimo ali nawo okwanira, sangabwerekenso lina la eni ake.

Ambiri tinkayesa kuti asiya kupemphera kapena asamukira ku mpingo wina. Lamulungu lotsatira anatola njerwa ziwiri, n'kuzisanja kunja kwa tchalitchi pansi pa zenera la mbali ya kwaya, n'kukhalapo. Nyimbo itayamba mkati, besi inayankhira panja. Palibe lamulo limene limaletsa munthu kuimba pabwalo, ndiye akulu anangoyang'anana. Kuyambira tsiku limenelo zenera lija silinatsekedwenso, ngakhale m'chisanu cha mu Juni. Amene munali mu kwaya mukukumbuka kuti tsiku limene malemu adwaladi malungo, nyimbo inkayenda ngati ngolo ya gudumu limodzi.

Zaka khumi ndi chimodzi anakhala ndi paipi ija. Mayi Zelesi ankaiwiritsa, ndipo botolo analisokera kathumba ka chitenje kofanana ndi chawo. Malemu ankauza anthu kuti mitala yawo ndi yomweyi, mkazi wamng'ono ndi botolo, ndipo mkazi wamkulu wamusokera yekha chovala poti alibe nsanje. M'chigafa, nthawi yosankha fodya, ndiwo ankayambitsa nyimbo mpaka akapitawo kuiwala kukalipa. Ife abale awo tinkapsa mtima m'malo mwawo. Iwo ankatiseka kuti tikalamba msanga, ndipo taonani, takalambadi.

Mu Epulo 1985, a Frazer Nkhoma, a zaumoyo amene ankayendera dera lino pa njinga, anabwera ndi uthenga. Anati madokotala a ku chipatala chachikulu ku Lilongwe akuchita kafukufuku wa njira yatsopano yothandizira amuna otsekeka chotere. Kale ankangokuza njira ya mkodzo ndi tizitsulo, pakapita miyezi n'kutsekekanso. Tsopano ankafuna kudula pamene pali chipsera, n'kulumikiza mbali ziwiri zabwinozo. Ankafuna anthu ovomera okha. Ife a banja tinakana, makamaka akulu awo a Gilbert amene alemba mbiri ino. Tinati zoyesera zimayambira pa amphawi, zikayenda bwino zimakathera kwa mabwana. Malemu anatifunsa ngati tinaonapo mbewu yatsopano ya fodya ikufesedwa munda wonse isanayesedwe pa bedi limodzi la nazale. Anati iwo akhala bedi limenelo. Anatenga khadi la chipani, buku la nyimbo ndi mkazi wamng'ono uja, n'kukwera basi.

Kumeneko anawathira mankhwala m'njira ija n'kuwajambula. Dokotala anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Malemu asanatsegule pakamwa, anawafunsa ngati anagwerapo pa mtengo kapena pa chitsulo, mwendo uku mwendo uku. Anati chipsera chili malo amodzi, chachifupi, chooneka kuti panaphwanyika, pamene cha matenda chimakhala chotalika ndiponso chomwazika. Malemu anatiuza kuti anaseka mpaka anamwino kuthamangira, poti munthu woyamba kuiona ngolo ija anali mlendo amene sanapondepo ku Chulu.

Opaleshoni inachitika pa 20 Meyi 1985. Anali mmodzi mwa amuna khumi ndi anayi. Patatha masabata atatu anachotsa paipi, bala la pamimba n'kupola. Tsiku limene anafika kuno sanalowe m'nyumba. Anazungulira kuseri kwa chigafa kumene kunali masamba ouma, n'kuitana mayi Zelesi kuti adzaime chapatali amvetsere. Mayiwa atamva phokoso la mkodzo pa masamba, anaimba nthungululu mpaka amayi a m'mudzi kuthamanga ndi nsalu poyesa kuti kwabadwa mwana. Tinapha mbuzi. Botolo analipachika mu mtengo wa mango uwo, n'kulengeza kuti ukwati wachiwiri watha mwamtendere, wina asakadandaule kwa ankhoswe. M'mawa mwake anakwera njinga, koyamba m'zaka khumi ndi chimodzi, mpaka ku Chisemphere kukaonekera kwa apongozi.

Kwa zaka ziwiri ankabwerera ku Lilongwe miyezi isanu ndi umodzi iliyonse kuti madokotala aone ngati njira ikadali yotseguka. Ankawapatsa chikho chokodzeramo, wina atagwira wotchi. Malemu ankabwera akudzitama kuti aposa amuna amene iwo angathe kuwabereka. Mu 1987 kunabadwa mwana wawo womaliza, Agnesi. Ife amene tinakana tija tinavomera kuti pamenepa tinalakwa. Pamenepa pokha.

Dokotala uja anawalembera kalata yonena kuti vuto lawo linachokera ku ngozi, osati ku matenda opatsirana. Mu Sepitembala 1985 malemu anaipereka kwa akulu a mpingo. Akulu anaiwerenga, ena mpaka kugwetsa misozi, koma anati mwambo wathu ndi woti mlandu umene unatsekedwa ndi pakamwa pa mboni umatsegulidwa ndi pakamwa pomwepo. Pepala silinalipo pangolo. A Pearson angobwera, anene mawu awiri, nkhani yatha. Akulu anawaitana a Pearson kawiri. Ulendo woyamba anali kumaliro, wachiwiri anali ataperekeza fodya kumsika. Malemu anapinda kalata yawo n'kubwerera pa njerwa zija. Akakumana ndi a Pearson panjira ankayamba ndiwo kupereka moni, kufunsa za ana mmodzimmodzi. Izi ife sitinazimvetse, ndipo sitikunama kuti tazimvetsa lero.

Madokotala omwewo, powayeza m'mimba, anapeza kuti chiwindi chayamba kuuma chifukwa cha likodzo la m'damu muja. Anawapatsa mapiritsi atsopano amene ankawayesanso panthawiyo, ongomwa tsiku limodzi. Anawauza mosabisa kuti mankhwalawo apha tizilombo, koma pamene chiwindi chauma kale sipabwerera. Malemu sanakhale pansi kudandaula. Anayenda m'nazale zonse za pa esiteti kuuza anzawo kuti mkodzo wofiira si chizindikiro cha uchamuna monga tinkauzirana kale. Wokana ankamuvulira malaya kumuonetsa chipsera, n'kumuuza kuti amene anatseka dzenje ili sangamudyetse poizoni. A Frazer atabwera ndi mapiritsi, anapeza mzere wafika kumsewu. Ena mwa inu amene mwakumba manda lero munali pa mzere umenewo.

Mu Novembala 1990 mimba inayamba kutupa. Kuboma anawapopa madzi kawiri, ndipo ankapeza bwino kwa masabata angapo. Lamulungu lomaliza la mwezi wa Juni chaka chino anapempha kuti tiwanyamule pa mpando mpaka pazenera paja. Mawu anali atachepa, ndiye kwaya inatsitsa dala mawu ake kuti besi imveke. Anaimba ndime zonse zinayi. Pa 15 Julaye anayamba kusanza magazi, ndipo anatisiya m'mawa wa Lachitatu pa 17 Julaye 1991 ku chipatala cha kuboma, mayi Zelesi atawagwira dzanja. Anali ndi zaka 52.

Malemu asiya mkazi wawo, mayi Zelesi, ndi ana asanu: a Simeon, a Dailes, a Esitere, a Lefina ndi Agnesi. Asiyanso zidzukulu zisanu ndi ziwiri, mlongo wawo mmodzi ndi mkulu wawo mmodzi.

A banja akuthokoza mafumu potipatsa malo, adzukulu amene akumba manda, ndi amayi amene akhala pamoto masiku awiri. Tikuthokoza a Frazer Nkhoma, anamwino a kuboma, ndi madokotala a ku Lilongwe amene anawapatsa malemu zaka zisanu ndi chimodzi zoyenda manja ali m'thumba. Tikuthokoza a kwaya. Mwambo wonse wa mpingo sunaloledwe pa maliro a munthu wodulidwa, koma iwo abwera ndi zovala zawo za kumunda n'kuimba kuyambira dzulo, malo a besi atawasiya opanda munthu. Tikuthokozanso a Pearson Chunga, amene atibweretsera nkhuni pa ngolo.

A Kamanga, mwaimba mokwanira panja. Pitani mukapume, mzimu wanu uuse mumtendere.

Kalata ya dokotala ili ndi mayi Zelesi. Dzina la malemu likadali pa tsamba la odulidwa m'buku la mpingo. A Pearson ali nafe pano, pansi pa mtengo wa mango. Mawu a pa 11 Meyi 1974 sanawabweze.